Anati mungolipira zotumizira, koma khadi akudulabe mwezi ndi mwezi: yankho kwa mayi wa ku Indiana

Imelo iyi yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Indiana, m'dziko la America. Ndaifupikitsa, dzina ndachotsa.

"Achimwene, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku. Tsiku lina cha m'ma 2 koloko pa TV panali pulogalamu ya mapilisi a mawondo, munthu wovala gauni yoyera akufotokoza, agogo ena akuvina. Ankati botolo loyamba n'laulere, ungolipira madola 4.95 otumizira. Ndinaganizira mayi anga kumudzi, ndinaimba foni n'kupereka nambala ya debit card. Patapita milungu itatu anadula madola 89.95, mwezi wotsatira chimodzimodzi. Ndikaimba amandidikiritsa mpaka ndimatopa. Bilu ya cable nayonso yakwera ndi zinthu zomwe sindinapemphe. Kodi ndalamazi zingabwerere? Nanga a cable, poti ndi amene anandionetsa akubawa, ndisiye kuwalipira?"

Mayi, pepani ndithu. Ndiyambe ndi funso lachiwiri chifukwa yankho lake n'lalifupi: ayi, musasiye kulipira. Mukatero ngongoleyo aipereka kwa makampani otolera ngongole, ndipo ikalembedwa pa credit report yanu, mbiri ya mmene mumalipirira ngongole, imakhalapo mpaka zaka 7. Mudzavutika ndinu pofuna nyumba ya lendi kapena galimoto ya ngongole, pamene wogulitsa mapilisi uja sadzamva ngakhale kuyabwa. Za bilu ya cable tibwererako pansipa, ili ndi njira yakeyake.

Chimene munaonera chija Azungu amachitcha infomercial, malonda a mphindi 30 ovekedwa zovala za pulogalamu. Mukayang'ana pa ndandanda ya mapulogalamu, nthawi imeneyo imalembedwa kuti Paid Programming, ndipo poyambira pamadutsa timawu tonena kuti tchanelo sichikuvomereza kapena kutsimikizira zonenedwazo. Zimenezi zinafala kuyambira 1984, pamene bungwe la FCC, loyang'anira mawailesi ndi ma TV ku America, linachotsa malire a mphindi za malonda pa TV. Inali nthawi yomweyo pamene matchanelo a cable ankachulukana, ali ndi maola ambiri a usiku opanda choonetsa. Anayamba kugulitsa maolawo kwa aliyense wobwera ndi ndalama. N'chimodzimodzi ndi mapulogalamu a asing'anga pa mawailesi ena kumudzi kuja: wailesi yagulitsa nthawi, zoti mankhwalawo amachizadi kapena ayi ndi za inu ndi sing'angayo. Choncho inu mumalipira kuti muonere, wamalonda amalipira kuti akupezeni, ndipo wa TV amadya mbali zonse. Kodi n'chilungamo? Ine ndikuti ayi. Koma kukwiyira iwowo sikubweza ndalama yanu.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: anthu amenewa sankafuna madola 4.95 anu. Ankafuna nambala ya khadi. Botolo laulere ndi nyambo chabe. Penapake, m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa sikirini kapena m'mawu amene woyankha foni anawerenga mothamanga, munali chiganizo chakuti mukapanda kuimba kukana pasanathe masiku angapo, nthawi zambiri 14, ndiye kuti mwavomera kulandira botolo mwezi uliwonse pa mtengo wonse. M'malamulo a kumeneko amati negative option, kutanthauza kuti kukhala chete kwanu akukutenga ngati "inde". Ena amayamba kuwerenga masikuwo tsiku limene munaimba foni, osati limene katundu wafika, moti botolo limafika nthawi yokanira itatsala pang'ono kutha.

Musadzione ngati wopusa, chifukwa ntchitoyi inakonzedwa ndi anthu oti anaiganizira bwino. Mlandu umene unaulula zamkati mwake ndi wa kampani ya Berkeley Premium Nutraceuticals ya ku Cincinnati, m'chigawo cha Ohio, pafupi nanu pomwepo. Inkagulitsa mapilisi otchedwa Enzyte, amene pa TV ankati amakulitsa chida cha abambo. Anthu ankaitanitsa oyesera, kenako n'kumangolandira ena mwezi ndi mwezi, khadi ikudulidwa. M'khoti munamveka umboni wakuti panali nthawi imene wofuna kubwezeredwa ndalama ankauzidwa kuti abweretse kalata yodindidwa ndi notary, munthu wovomerezedwa ndi boma kuchitira umboni zikalata, yonena kuti palibe chimene chakula. Tangoganizani, ndi bambo uti angapite ku ofesi kukadinditsa kalata yotere? Ambiri ankangosiya, ndipo cholinga chinali chimenecho.

Chondichititsa chidwi kwambiri pa mlanduwu ndi chimene kampaniyo inkaopa. Sinkaopa makasitomala olalata pa foni. Inkaopa mabanki. Kasitomala akadandaula kubanki ndipo banki n'kulanda ndalamayo kwa wogulitsa, zimene amati chargeback, zimawerengedwa. Zikapitirira pafupifupi chimodzi pa malonda 100 alionse, kampani imatha kulandidwa mwayi wolandira ndalama kudzera pa makhadi, ndiye kuti bizinesi yatha. Pofuna kubisa chiwerengerocho, a Berkeley ankagawa malonda amodzi pawiri, mtengo wa mapilisi padera, wotumizira padera, komanso ankadula tindalama tochepa pa makhadi a mwini kampani yemwe, kuti malonda aoneke ochuluka. Mwiniwakeyo, Steve Warshak, anagamulidwa mu 2008 kukakhala kundende zaka 25, zimene pambuyo pake zinatsitsidwa kufika 10.

Si onse amene amafika pamenepo. Ena amangobera pa masamu. Mu 2015 kampani ya Allstar Marketing Group, yogulitsa bulangete lokhala ndi manja lotchedwa Snuggie, inavomera kupereka madola 7.5 miliyoni ku bungwe la FTC, loteteza ogula, chifukwa cha malonda a "gula chimodzi, china n'chaulere". Katundu wolengezedwa pa madola 19.95 ankatha pa 35.85, poti pa chilichonse mwa ziwirizo ankaikapo madola 7.95 a kulongedza ndi kutumiza.

Ndiye mphamvu yanu ili kubanki, ndipo nthawi ikuyenda. Popeza munagwiritsa ntchito debit card, lamulo lokutetezani ndi Electronic Fund Transfer Act la 1978. Muli ndi masiku 60, kuwerenga kuchokera tsiku limene banki inatumiza sitetimenti yoonetsa ndalama yodulidwayo, kuti mudandaule. Mwanena kuti adula kawiri kale, ndiye kudula koyamba kuja masiku ake angakhale atatsala ochepa. Imbani lero nambala ili kuseri kwa khadi, osadikira tsiku la ofu. Banki iyenera kufufuza m'masiku 10 a ntchito, ndipo ikafuna nthawi yoposa pamenepo iyenera kuyamba yakubwezerani ndalamazo mongoyembekezera. Koma ikhoza kufuna kuti dandaulo la pa foni mulitsimikize ndi kalata, ndipo mukapanda kulemba, kubweza kongoyembekezera kuja sikukakamizidwanso. Lembani, ngakhale asanakuuzeni.

Samalani ndi mawu amene mukalankhule. Anthu ambiri akapsa mtima amauza banki kuti "sindikuidziwa kampaniyi, andibera khadi". Banki ikafunsa wogulitsa, iye amatulutsa dzina lanu, adiresi yanu ndi umboni wakuti botolo linafika, basi dandaulo lagwa. Nenani zoona zake: munavomera madola 4.95 okha, kamodzi. Simunauzidwe momveka za madola 89.95 a mwezi ndi mwezi. Mwayesa kuletsa koma sakuyankha. Pemphani kuti wogulitsa aonetse umboni wa chilolezo chanu cha kudula kobwerezabwereza. Musanaimbe kubanki, tumizani imelo kapena kalata kwa kampaniyo yonena kuti mwaletsa zonse ndipo mwachotsa chilolezo chodula khadi yanu. Ngakhale asayankhe, tsiku lolembedwa pa kalatayo ndi umboni wanu. Sungani bokosi, kapepala kamene kanabwera m'kati, ndi mndandanda wa mafoni amene munaimba.

Kubweza zakale ndi nkhani ina, kuletsa za mwezi wamawa ndi inanso. Lamulo lomwelo limakupatsani ufulu wouza banki kuti isalipirenso kudula kobwerezabwereza, bola muwauze kutatsala masiku atatu a ntchito kapena kuposerapo tsiku lodula lisanafike. Ambiri amaganiza kuti kusintha khadi kumathetsa zonse. Nthawi zina kumathetsadi, koma Visa ndi Mastercard ali ndi njira yopatsira amalonda odula mwezi ndi mwezi nambala yatsopano khadi ikasinthidwa. Anaikonza kuti Netflix kapena inshuwalansi isaduke khadi ikatha ntchito, koma akamberembere nawo amadutsira pomwepo. Uzani banki mwachindunji kuti itseke kampani imeneyo ndiponso isapereke nambala yatsopano.

Mukanakhala kuti munalipira ndi credit card, lamulo likanakhala Fair Credit Billing Act la 1974: kalata ifike kubanki m'masiku 60, iwo avomereze kuti ailandira m'masiku 30, nkhani ithe pasanadutse masiku 90, ndipo ndalama yotsutsidwayo simuilipira pamene akufufuza. Kusiyana kwake n'kwakuti pa credit card imakhala ndalama ya banki imene ili pa mkangano, pamene pa debit ndi ya lendi yanu, yatuluka kale. N'chifukwa chake ine ndimati debit card isamaperekedwe pa foni kwa munthu wosamudziwa, ngakhale mtengo ukhale wa dola imodzi.

Mapilisiwo musathamangire kutumiza kumudzi. Ku America, malinga ndi lamulo la 1994, mankhwala ogulitsidwa ngati dietary supplement, kutanthauza zowonjezera pa chakudya, safunika chilolezo cha FDA, bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala, asanalowe pamsika. Ngati botolo likulonjeza zolimbitsa mawondo, tembenuzani muwerenge kumbuyo, mupeza palembedwa kuti FDA sinaunike zonenazo ndipo mankhwalawo si ochiza matenda alionse. Ngati mayi amamwa a BP kapena a shuga, ayambe aona botololo ndi wa ku famase kapena dokotala.

Tsopano bilu ya cable. Tengani ya miyezi itatu yapitayo ndi ya mwezi uno, muziyike pamodzi, muyerekeze mzere ndi mzere. Nthawi zambiri mupeza chimodzi mwa zitatu: mtengo wokopera wa chaka choyamba watha, awonjezera zolipira zimene amazitcha broadcast TV fee kapena regional sports fee, kapena pali tchanelo kaya bokosi limene simunaitanitse. Ziwiri zoyambazo n'zowawa koma kawirikawiri zimakhala m'pangano, chomwe mungachite ndi kuimba n'kunena kuti mukufuna kuchoka, muone mtengo umene akupatseni. Chachitatucho n'choletsedwa. Lamulo sililola kampani ya cable kulipiritsa munthu chinthu chimene sanachipemphe, ndipo mu 2016 Comcast inalipira madola 2.3 miliyoni ku FCC pa nkhani yomweyi. Palinso lamulo la 2019 loletsa kukulipiritsani lendi ya chipangizo chimene munagula nokha. Akakana kuchotsa, lembani dandaulo pa webusaiti ya FCC. N'laulere, ndipo kampani imayenera kuyankha molemba m'masiku 30.

Mwina munamvapo kuti boma linakhazikitsa lamulo lakuti kuletsa kukhale kosavuta ngati kulembetsa. FTC inalengezadi lamulo lotero mu 2024, lotchedwa click to cancel, koma khoti la apilo linalithetsa mu July 2025 lisanayambe kugwira ntchito mokwanira. Musadalire limenelo. Dandaulo lanu la kampani ya mapilisi liperekeni ku FTC ndi ku ofesi ya Attorney General, loya wamkulu wa boma la Indiana. Sizibweza ndalama msanga, koma milandu ngati ya Allstar imayamba ndi madandaulo ounjikana. Banki ikakuzengerezani, kokadandaula ndi ku CFPB, bungwe la boma loteteza makasitomala a mabanki.

Chomaliza, yembekezerani mafoni. Mayina a anthu amene anagulapo pa malonda otere amagulitsidwa kwa amalonda ena, ndipo pakati pawo pali oimba n'kunena kuti ndi a boma kapena maloya, akuthandizani kubweza ndalama mukalipira kachindapusa kochepa kapena mukawapatsa nambala ya akaunti. FTC sipempha ndalama kuti ikubwezereni ndalama. Oterowo aduleni foni, ndipo nambala ya khadi yatsopanoyo musaitchule kwa aliyense amene wayamba ndi iye kukuimbirani.