Bambo asiya kupereka chithandizo: kodi ndiwamane mwana?

Mayi wina wa ku Kasungu walemba kuti khothi lidagamula kuti mwana azikhala ndi iwo, bambo ake azipereka ndalama mwezi uliwonse komanso azimutenga patchuthi. Padutsa miyezi inayi osalandira kanthu, ndiye akufunsa ngati angamuletse mwanayo kupita kwa bambo ake tchuthi chikubwerachi.

Musatero, mayi. Bambowo kulephera mbali yawo sikukupatsani chilolezo choswa yanu. Mukabisa mwana, iwo akhoza kukasuma, inunso n'kuyankha mlandu wonyoza khothi, ndipo majisitireti angayambe kukayikira ngati mwanayo akuyeneradi kukhala ndi inu. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limaika ubwino wa mwana patsogolo, osati mkwiyo wa makolo. Bambo amene watenga mwana patchuthi n'kukana kumubweza nayenso waswa chigamulo chomwecho.

Bwererani kukhothi lomwe lidagamula mlanduwo, mukaonane ndi kalaliki. Tengani kope la chigamulo, nambala ya mlandu, ndi pepala lomwe mwalembapo mwezi ndi mwezi ndalama zomwe zidabwera ndi zomwe zatsala. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba musafufute. Ambiri amagwa apa: ndalama zimaperekedwa pamanja, popanda mboni, ndiye kukhothi wina akuti ndidapereka, wina akuti sindidalandire. Malisiti a fizi ndi akuchipatala nawonso sungani.

Khothi lidzawaitana bambowo ndi samani kuti afotokoze. Ngongole yakale siifa chifukwa miyezi yapita. Likhoza kulamula kuti ailipire, kuti ndalama zizidulidwa kumalipiro ngati ali pantchito, kapena kuti katundu wawo agwidwe. Wokanirira dala amatha kukalowa kundende, ngakhale kunena zoona ndende siigulira mwana ufa, n'chifukwa chake njira zopezera ndalamayo ndizo zoyamba kuzipempha.

Ngati bambowo ndi mlimi wa fodya, amene amagwira ndalama akagulitsa ku Chinkhoma, mwina za mwezi ndi mwezi zikuwavutadi. Koma njira yake ndi kupempha khothi kuti lisinthe chigamulo, mwina azipereka zochuluka nthawi yogulitsa, osati kungokhala chete. Mpaka khothi litasintha, chigamulo chakale chikugwirabe ntchito.

Ankhoswe ndi amfumu angathandize kuti mulankhulane bwino, ndipo ndi bwino kuwayesa. Alibe mphamvu yochotsa kapena kuchepetsa zomwe khothi lidagamula, choncho mukagwirizana zina, mukazilembetse kukhothi.

Nkhani imasintha ngati mwana akuchitidwa nkhanza kwa bambo ake, kapena mwamva kuti akufuna kumuwolotsera ku Zambia. Pamenepo pitani msanga ku Victim Support Unit ya polisi ndi ku ofesi yosamalira anthu paboma, kenaka mupemphe khothi kuti liyimitse maulendowo. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau alipo kuti athandize anthu otero.