Chaco Canyon: chiletso chokumba mafuta chilipo, nanga bwanji mlandu sukutha?

Owerenga wina watilembera imelo kuti: "Ndinamva kuti boma la America linaletsa kukumba mafuta ndi gasi pafupi ndi malo opatulika a Chaco Canyon. Nanga bwanji anthu akukanganabe mpaka kukhothi?"

Zikomo akulu. Chimene munamvacho n'choona, koma chiletsocho chinachokera kwa nduna, osati ku nyumba ya malamulo, ndipo gwero la mkangano lili pomwepo.

Chaco ndi paki yotetezedwa ndi boma, m'chigawo cha New Mexico ku America. Makolo a anthu a mitundu ya Pueblo anamangako nyumba zikuluzikulu zamiyala kuyambira cha m'ma 850. Imodzi, Pueblo Bonito, inali ndi zipinda zoposa 600. Malowa analowa pamndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1987. M'kati mwa paki simukumbidwa kanthu. Vuto lili kunja kwa mpanda, m'dera la gasi la San Juan Basin, kumene kuli misewu yakale ya makolowo, akachisi ndi manda.

Mu June 2023, nduna yoona za malo Deb Haaland, yemwe ndi wa mtundu wa Laguna Pueblo, anasainira Public Land Order 7923. Chikalatachi chimaletsa kubwereketsa kwa makampani malo atsopano a boma pamtunda wa makilomita 16 kuzungulira paki, maekala oposa 330,000, kwa zaka 20. Zaka 20 si zongosankha: lamulo la 1976 loyendetsera malo a boma sililola nduna kutseka malo aakulu chotere kupitirira pamenepo. Ndipo chimene nduna ina yatseka, ina ikhoza kutsekula. Mu 2025 boma la Donald Trump linayamba kuchiunikanso. Chitetezo chosatha chingabwere ndi nyumba ya malamulo ya America (Congress) yokha, koma bilu ya Chaco Cultural Heritage Area Protection Act, imene inadutsa m'nyumba imodzi mu 2019, inakanirira m'nyumba inayo, ya Senate.

Mipata ina ili m'chikalata momwemo. Kampani imene inali ndi laisensi kale ikupitiriza ntchito. Malo a anthu wamba ndi a mitundu sanakhudzidwe.

Apa ndiye pamene ambiri amasokonekera, poganiza kuti eni nthaka onse ali mbali imodzi. Ayi ndithu. Dera lozungulira Chaco linagawidwa timagawo tosinthanasinthana ngati bolodi ya drafuti: aka ka boma, aka ka banja la mtundu wina wa eni nthaka, wa Navajo, nthawi zambiri maekala 160. Zitsime za masiku ano zimatsika pansi kenako n'kukhotera cham'mbali makilomita angapo, kudutsa pansi pa minda yambiri. Gawo la boma likatsekedwa, kampani siiona phindu kukumba kagawo ka banjalo kokha, ndiye ndalama zimene banjalo limalandira pa mafuta zimauma. N'chifukwa chake Navajo Nation, boma la mtundu wa Navajo, inkafuna kuti chiletso chikhale cha makilomita 8 okha, ndipo mu January 2025 inasumira boma, kenako a Acoma ndi a Laguna, omwe ndi mitundu ya Pueblo, anapempha khothi kuti alowe mlanduwo poteteza chiletsocho.

Chiletsocho chikachotsedwa, chotsala chachikulu ndi ndime 106 ya National Historic Preservation Act ya 1966. Ife sitiidalira kwenikweni. Imalamula boma kufufuza malo ndi kukambirana ndi mitundu lisanapereke chilolezo, koma siilikakamiza kumvera. Komanso ofufuza amawerenga zooneka ndi maso, monga mapale ndi makoma, pamene kasupe kapena chitunda chopemphererapo amachidziwa ndi akuluakulu a mtundu okha, ndipo mwambo suwalola kuulula malo ena kuti alembedwe pamapu.