Yankho kwa mayi amene anasiya kulankhulana ndi alamu awo chifukwa cha zipani

Mayi, mwafunsa chimene mungachite popeza inu ndi alamu anu simulankhulana kuchokera nthawi ya kampeni, pamene aliyense ankavala nsalu ya chipani chake.

Langizo langa ndi lakuti musayambe ndi kukambirana za ndale, koma mulowe m'gulu logwira ntchito yooneka ndi maso, monga komiti ya mjigo, banki m'khonde kapena komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Chichitikireni referendamu ya 1993, kusankha chipani ndi ufulu wa aliyense, komatu mjigo ukawonongeka mabanja onse amakatunga madzi kudambo limodzi, posatengera amene anamuvotera.

Kwathu kuno ku Ntcheu ndinaona amayi awiri amene ananyozana kwambiri pa chisankho cha 2020, koma pambuyo pake anapatsidwa udindo m'banki m'khonde, wina wosunga bokosi, wina wosunga kiyi. Lachitatu lililonse ankakhala pamphasa imodzi kuwerengera masheya, ndipo pofika nyengo yokumba kachewere anachita hayala ngolo imodzi yopititsa matumba awo kumsika wa Lizulu.

Ndikupempheni kuti kumsonkhano wa gulu musavale nsalu ya chipani, ndipo alamu anuwo mukawaitane nokha kunyumba kwawo, osati kudzera pa WhatsApp.