Masiku atatu ku Amsterdam

Mayi, mwafunsa kuti pa masiku atatu amene mudzakhale nawo ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, mukatha msonkhano wanu wa mu Epulo, ndi malo ati amene mungaone popanda kudzipanikiza. Langizo langa ndi lakuti musankhe nyumba ziwiri zokha zoonetseramo zinthu zakale, mugule matikiti ake mudakali kwanu, ndipo nthawi yotsalayo muithere m'mbali mwa ngalande, chifukwa zimene zimachititsa chidwi kwambiri mumzindawu zili panja.

Nyumba yoyamba ikhale Anne Frank Huis, pa Prinsengracht 263, mmene anthu 8 a Chiyuda anabisala pothawa asilikali a Nazi a ku Germany kuyambira mu Julaye 1942 mpaka pamene anagwidwa pa 4 Ogasiti 1944, ndipo mwa onsewo anapulumuka ndi Otto Frank yekha, bambo ake a Anne Frank, mtsikana amene analemba buku lotchuka lofotokoza moyo wawo m'malo obisalamowo. Mudzadutsa kuseri kwa shelefu ya mabuku imene inkaphimba chitseko, n'kukwera masitepe opapatiza, ndipo pakhoma la chipinda china mudzaona timizere ta pensulo timene makolowo ankalemba poyeza msinkhu wa ana awo aakazi. Timizere timeneti tinandikhudza mtima kuposa china chilichonse m'nyumbamo. Matikiti ake amagulitsidwa pa intaneti pokha, iliyonse ili ndi ola lake lolowera, ndipo satenga nthawi kutha, choncho musadalire zoti mukaima pamzere pakhomo.

Yachiwiri ikhale Rijksmuseum. Mukafike m'mawa akangotsegula pa 9 koloko, mulunjike ku chithunzi chachikulu cha Rembrandt cha mu 1642 chotchedwa De Nachtwacht khamu lisanachuluke, kenako mufunefune kachithunzi ka Vermeer ka mayi amene akuthira mkaka m'mbale. Van Gogh Museum ili pafupi pomwepo pa Museumplein, koma kulowa zonse ziwiri tsiku limodzi n'kungotopetsa miyendo ndi maso, mapeto ake simukumbukapo kanthu.

Za ngalande ndinenepo zambiri. Zitatu zikuluzikulu, Herengracht, Keizersgracht ndi Prinsengracht, zinayamba kukumbidwa mu 1613 pamene mzinda unkakula chifukwa cha malonda a panyanja, ndipo mu 2010 bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Tsiku loyamba mukwere boti loonetsa alendo, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, kuti mudziwe mmene mzindawu unayalidwira. Ngati kulibe mvula sankhani boti laling'ono lopanda denga, chifukwa limalowa m'ngalande zopapatiza mmene akuluakulu aja sakwanamo. Mukatero mudzabwererenso wapansi, makamaka kudera la Jordaan ndi pa Reguliersgracht, pamene munthu amatha kuona milatho ingapo itandondozana. Muziyang'ananso m'mwamba. Pansonga pa nyumba zambiri pali mtanda wotulukira kunja wokhala ndi mbedza, wokwezera katundu ndi chingwe kudzera pawindo popeza masitepe a m'kati ndi opapatiza, ndipo mpaka lero anthu akamasamuka amaugwiritsabe ntchito. Nyumba zina zinapendekeka chifukwa zinamangidwa pa mitengo yokhomedwa m'nthaka ya matope.

Poyamikira kukongolako ndi bwino kudziwanso kumene chuma chake chinachokera. Gawo lina linabwera ndi makampani a malonda a panyanja a dzikolo otchedwa VOC ndi WIC, amene anayamba mu 1602 ndi mu 1621, ndipo onsewa anachita nawo malonda a akapolo, kuphatikizapo anthu otengedwa ku Africa. Pa 1 Julaye 2023 Mfumu Willem-Alexander inapepesa poyera chifukwa cha mbiri imeneyi ku Oosterpark, kumene kuli chipilala chokumbukira akapolo, ndipo ndi malo oyenera kukaimapo kamphindi.

Chinthu chimene chingakuvulazeni ndi njinga. Kanjira kofiirira ka m'mbali mwa msewu ndi ka njinga, eni ake amathamanga ndithu, ndipo mukamva belu dziwani kuti mwaima pamene simuyenera kuima. Sindikulangizani kuti mubwereke njinga pakati pa mzinda ngati simunazolowere kuyenda mbali ya kumanja kwa msewu. Sitima zoyenda mumsewu, zimene amati tram, zimafika pafupifupi paliponse, ndipo mumangogunditsa khadi lanu la kubanki pokwera ndi potsika. Khadilo mudzalifunanso m'masitolo, chifukwa ena salandira ndalama za pamanja. Dziwaninso kuti malo olembedwa kuti coffeeshop amagulitsa chamba, choncho mukafuna khofi weniweni lowani pamene palembedwa kuti café.

Onetsetsani bwino masiku anu. Pa 27 Epulo amakondwerera tsiku la mfumu, Koningsdag, ndipo pakati pa mzinda pamadzaza anthu ovala zaolenji moti kuyenda kumavuta. Ena amalikonda tsikuli, koma si loonerapo malo mwabata. Ubwino wa mwezi umenewu ndi woti munda wa maluwa wa Keukenhof ku Lisse umakhala wotsegula, ngakhale kuti kupitako kudzakudyerani pafupifupi tsiku lathunthu. Ine ndikanakhala inu ndikanausiya, n'kupita ku msika wa Albert Cuyp, umene sutsegula Lamlungu, kukadya stroopwafel (bisiketi yopyapyala yokhala ndi manyuchi pakati) yotentha yophikidwa inu mukuona.

Madzulo a tsiku lomaliza mupite kuseri kwa siteshoni yaikulu ya sitima, Centraal Station, mukakwere boti lowolotsa anthu pa madzi otchedwa IJ kupita ku Amsterdam-Noord. Ndi laulere, limangotenga mphindi zochepa, ndipo mumakwera limodzi ndi anthu oweruka kuntchito atagwira njinga zawo. Musaiwale jekete lotchinga mphepo, chifukwa pamadzipo pamazizira ngakhale dzuwa likuwala.