Kampira ka mu filimu kali m'manja mwa wolemba

Funso lanu ndalimva, adzukulu anga. Mukuti m'mafilimu mumaona anthu otchena ataima pa tebulo la ruleti, gudumu likuzungulira, kampira koyera kakudumphadumpha, kenaka wina n'kutuluka matumba ali tho ndi ndalama. Ndiye mukufunsa kuti, ngati njuga imeneyi imatamandidwa chotere m'mabuku, m'nyimbo ndi pa kanema, chingalakwike n'chiyani mutayesako kamodzi?

Kuonera filimu sindikuletsani ayi. Koma pamene mukuonerapo muzidzifunsa kuti kampirako akukalamula ndani.

Tengani Casablanca, filimu ya 1942. Muli mnyamata wa ku Bulgaria amene akuthawa nkhondo ndi mkazi wake, ndipo akusowa ndalama zopezera ziphaso zotulukira. Wakhala pa tebulo la ruleti mu kasino, nyumba ya njuga, akungodyedwa. Mwini malowo, Rick, akumuuza kuti aike pa 22, n'kumuponyera diso wozunguza gudumu uja. Kampira kagwa pa 22. Abwereza, kagwanso pomwepo. Anthu amakumbukira chisangalalo cha banjalo n'kuiwala zimene filimuyo yaonetsa poyera, kuti gudumulo linali m'manja mwa eni nyumba. Mnyamatayo anapulumuka chifukwa cha chifundo cha Rick, amenenso anamuuza kuti atenge ndalamazo ndipo asadzabwererenso. Mwini kasino wamtima wotero simudzakumana naye.

Gudumu lenileni la ku Ulaya lili ndi timabowo 37, kuyambira 0 mpaka 36. Ukaika pa nambala imodzi n'kulasa, phindu lako limakhala ndalama waikazo kuchulukitsa ka 35, pomwe chilungamo chikanakhala ka 36. Pa kachidutswa kameneko ndi pamene kasino imadyera: pa ndalama 100 zilizonse zoikidwa pa tebulo, pafupifupi 2.7 zimatsala m'nyumbamo. La ku America lili ndi 0 komanso 00, ndiye zotsala zimapitirira 5. Ndipo gudumu silisunga za dzulo. Mu August 1913 pa kasino ya ku Monte Carlo, m'dziko la Monaco, kampira kanagwa pa mtundu wakuda (timabowo tija tina n'takuda, tina n'tofiira) ka 26 motsatizana, anthu ali kalikiliki kuunjika ndalama pa wofiira poganiza kuti nthawi yake yakwana. Zinapita zonse.

Nyimbo nazonso zimadula nkhani pakati. Charles Wells anadya ndalama zambiri ku Monte Carlo mu 1891, mpaka ku England anamuimbira nyimbo yotchuka. Nyimboyo sinena kuti patapita nthawi yochepa munthuyu anaponyedwa m'ndende chifukwa chobera anthu mwachinyengo. Chikomekome cha mkuyu, adzukulu anga, m'kati muli nyerere.

Ngati mukufuna kumva zoona za ruleti, mverani amene inamuwotcha. Fyodor Dostoevsky, mlembi wamkulu wa ku Russia, ankatchova njugayi ku Wiesbaden ndi ku Baden-Baden m'dziko la Germany. Buku lake la The Gambler analilemba mu 1866, m'masiku osakwana mwezi, ngongole zitamufika m'khosi. Akanachedwa kulipereka, wosindikiza mabuku akanalanda ufulu pa zolemba zake kwa zaka 9. M'bukumo muli gogo wolemera amene abale ake akudikira kuti amwalire agawane chuma. Gogoyo afika pa tebulo, aika pa ziro, apambana, anthu n'kuzizwa. Filimu yofuna kukusangalatsani ikanathera pamenepo. Dostoevsky akumubweza gogoyo pa tebulo lomwelo, ndipo m'masiku ochepa chuma chake chochuluka chasesedwa. Izi zimandikhudza mtima, chifukwa zikuonetsa kuti ngakhale imvi siziteteza munthu akalawa kupambana koyamba.

Chowawa koposa ndi chimene chinatsatira kunja kwa buku. Anna, mtsikana amene ankamulembera mawu a bukulo, anakwatirana naye mu 1867. Chaka chomwecho ku Baden-Baden, Anna ali woyembekezera, ndolo zake ndi mphete zaukwati zinapita kopinyolitsa kuti mwamuna wake abwerere ku gudumu. Munthu amene anali atangolemba bwino lomwe za kuopsa kwa njuga analephera kudzigwira. Anadzasiya mu 1871, atadyedwanso ku Wiesbaden. Choncho mukati "ife tikudziwa, tingoyesako kamodzi," ine mtima sukhala pansi. Kodi kudziwa kwanu kukuposa kwa Dostoevsky?

Tsono khalidwe limene ndikupempha kwa inu ndi ili. Mnzanu akabwera ndi nkhani yakuti wadya, musamuchemerere ngati ngwazi; mufunseni mwaulemu kuti kuyambira pamene anayamba wataya zingati. Musakongoze munthu ndalama yoti akabwezere zimene analuza, ngakhale akhale m'bale wanu wa bere limodzi, pakuti mukumukankhira m'katikati. Gudumu la pa foni musaliyese choseweretsa. Masamu ake ndi omwewo, kungoti palibe amene akukuonani mukamatha.

Ndipo ngati wina mwa inu anayamba kale, asadikire kuti adye kaye ndiye adzaulule. Apite lero kwa makolo ake kapena kwa mkazi wake, atchule ngongole yonse osachotserapo. Akachita mantha, abwere kwa ine tipitire limodzi.