Ntchito yopanda alawansi ndi thangata kodi?

Mnyamata wina wa cha ku Tsangano wanditumizira funso. Akuti: "Agogo, ndinamaliza Fomu 4 koma ntchito sindinaipeze. Amfumu amemeza mudzi kuti tikakonze mlatho wa mitengo umene unakokoloka ndi madzi, ndiponso tizikatuta mchenga wa buloko ya sukulu. Anzanga akuti ntchito yopanda alawansi ndi thangata. Ndipite kapena ndikhale?"

Mdzukulu wanga, mawu akuti thangatawo ndiwo andilasa mtima, ndiye tiyambire pomwepo. Anzakowo sakunama, thangata inali nkhanza. Atsamunda atalanda malo ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu, munthu ankalima mokakamizidwa pa esiteti ya mzungu ngati lendi ya nthaka imene wamangapo nyumba. Ichi ndi chimodzi mwa zimene zinamuwawa John Chilembwe mpaka anaukira mu 1915. Koma mawuwo atsamundawo anachita kutibera. Kalelo kuthangata kunali kuthandizana, monga mmene mpaka lero munthu wolemedwa ndi katundu amanenera kuti "ndithangateniko". Tsono usanatche ntchito dzina loipalo, funsa kaye kuti phindu lake adye ndani. Thonje ndi fodya wa pa esiteti ankalemeretsa mwini esiteti. Pa mlatho wanuwo padzadutsa mlongo wako popita kusukulu, ngolo ya kachewere wa bambo ako popita kumsika, ndi mayi wapakati amene matenda amuyamba usiku mvula ili pamsana.

Ife tinakula ndi dima. Mayi anga akaona kuti tchire lawaposa mphamvu, ankaphika thobwa, nthawi zina mowa wa masese, nkutuma mwana kukauza anansi. M'mamawa mame asanakamuke, makasu ali ndandanda pamzere, nyimbo ili pakamwa, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo munda wonse wapalidwa. Mawa lake gulu lomwelo lili m'munda mwa wina. Panalibe wolemba maina, koma mudzi unkadziwa amene wabwera ndi amene wabisala m'nyumba. Ndipo panali nkhalamba zina zopanda ngakhale chimera chophikira thobwa. Zimenezo tinkazilimira chomwecho, nkubwerako kukhosi kuli gwa, popanda wodandaula.

Chimene sindidzaiwala ndi nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Iwe ukudziwa kuti pa Lizulu malire ndi msewu wa M1 womwewo, tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique. Kuyambira cha mu 1986 anthu anayamba kukhamukira kuno, mpaka m'dziko muno othawa nkhondo anapitirira 1 miliyoni. Kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri anakhala m'midzi mwathu momwemu. Magalimoto a chithandizo anabwera pambuyo. Usiku woyamba uja, mayi wofika ndi ana atatu, mapazi atatupa, anamulandira ndi anthu wamba. Kwathu banja lina linagona m'khitchini mwathu miyezi ingapo, kenako malume anawadulira kachigawo ka dimba kuti azilimako ndiwo. Mtendere utabwera mu 1992 anayamba kubwerera kwawo, ife nkumati basi tasiyana. Njala ya 2002 itatipana, ndinawoloka malire ndi thumba lopanda kanthu kukafuna ganyu ku Angonia. Amene ananditsanulira chimanga m'thumbamo, nakana kuti ndigwire khasu, anali mwana wa banja lomwe lija. Powalandira m'khitchini muja sitinkawerengera zimenezi, mwanawe. Tinangoona anthu akunjenjemera ndi chisanu cha kuno kumapiri.

Komabe sindikuponyerani mlandu wonse achinyamatanu. Mtima umenewu tinauwononga ndife akuluakulu. Nthawi ya Kamuzu kunali Sabata ya Achinyamata, tinkalambula misewu ndi kumangira okalamba nyumba, ntchito yabwino ndithu, koma wokana ankaona zakuda. Matipate atabwera mu 1994, anthu anataya chikakamizocho pamodzi ndi ntchito yomwe. Kenako kunadza mapulojekiti olipira, mpaka munthu kukhala pansi kumva za chimbudzi cha pakhomo pake ayambe wafunsa ngati kuli alawansi. Ndalama sindiinyoza ayi, wogwira ganyu alipidwe. Koma mudzi sungadzilembe ganyu wokha.

Palinso china chimene anzakowo akuchiona ngakhale sakuchitchula. Ine ndinatutapo mchenga pamutu mwezi wathunthu, kenako nkumva kuti a komiti ina anagulitsa usiku matumba ena a simenti. Zinandiwawa mpaka lero. Tsono ukapita, pita ndi maso. Iwe wapita kusukulu, umatha kuwerengera. Pamsonkhano pempha mpata kudzera kwa anyakwawa, uwombe m'manja, utsike pansi, ufunse mofatsa kuti simenti yabwera matumba angati ndipo makiyi akusunga ndani. Udzipereke kuti uzilemba m'kope zolowa ndi zotuluka. Amene manja ake ali ndi matuza a ntchitoyo, funso lake limamveka. Wofunsa ali chikhalire pa bawo amangomuti ndi wamwano.

Ngati tsiku la chitukukolo lakumana ndi ganyu amene mukudalira kuti mudye pakhomo, usangosowa. Pita kwa amfumu dzulo lake, ufotokoze, upemphe tsiku lina. Mfumu yanzeru imamva.

Ndikupemphenso chimodzi. Mukakafolerera agogo ena nyumba kapena kuwatungira madzi, lamya ikhale m'thumba. Ndimaona ana akujambula nkhalamba itavala nsanza, nkuiika pa Facebook kuti dziko liwatame. Nkhalambayo inali munthu wa ulemu wake iwe usanabadwe, ndipo ili ndi abale amene adzachita manyazi. Ufike, uodire, ukhale pansi, uyambe wafunsa mmene adzukira ndi chimene akufuna kuti chikonzedwe, chifukwa mwina iwe ukuona denga pamene iwo chikuwasowetsa tulo ndi chitseko.

Ku mlathoko pita, ulawire. Tenga nkhwangwa ya bambo ako, uinole madzulo ano, ndipo podutsa ugogode kwa mnzako mmodzi mwa okana aja, umuuze kuti mtengo wa mlatho sungausenze wekha, akakugwirireko mbali imodzi.