Akazi ofufuza milandu m'mabuku: yankho kwa mphunzitsi wa ku Thyolo

Amayi ena ophunzitsa pasekondale ina ku Thyolo anditumizira imelo, akuti atsikana a Fomu 3 atopa ndi mabuku amene mkazi amangokhala wophedwa kapena wolira maliro, ndipo akufunsa ngati alipo mabuku aupandu momwe wofufuza mlanduwo ndi mkazi. Amayi, alipo, ndipo amene ndikutchula panowa onse ndi a Chingerezi.

Ambiri amayamba ndi Miss Marple wa m'mabuku a Agatha Christie, ndipo buku loyamba lonena za Miss Marple, The Murder at the Vicarage, linatuluka mu 1930. Iye ndi gogo wa m'mudzi wa ku England amene amatulukira chigawenga chifukwa chodziwa makhalidwe a anansi ake. Ndi buku labwino, koma moyo wake uli kutali ndi mwana wokulira m'malaini a esiteti ya tiyi.

Pafupi ndi ife pali Mma Precious Ramotswe wa m'buku la Alexander McCall Smith, The No. 1 Ladies' Detective Agency, la mu 1998. Mayiyu anagulitsa ng'ombe zimene bambo ake anamusiyira n'kutsegula ofesi yofufuza milandu ku Gaborone. Bambo akewo anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni mpaka chifuwa chinawonongeka, nkhani imene mabanja ambiri kuno ku Mulanje, amene agogo awo anapita ku Teba, aimva msanga. Mma Ramotswe sadalira mfuti. Amafulula tiyi, amamvetsera, kenako amafunsa funso limene aliyense amaliwopa. Chingerezi chake n'chosavuta, choncho yambani ndi limeneli.

Koma limene ndikulifunira atsikana anu ndi mtima wonse ndi The Screaming of the Innocent, la mu 2002, lolembedwa ndi Unity Dow, mkazi woyamba kukhala woweruza m'khoti lalikulu la Botswana. Mtsikana wina, Neo, asowa m'mudzi, apolisi n'kunena kuti wadyedwa ndi zilombo. Patapita zaka zisanu, Amantle, mtsikana wotumizidwa kukathandiza pachipatala chaching'ono, apeza bokosi la zovala za Neo zili ndi magazi, ndipo akana kukhala chete ngakhale kuti anthu olemekezeka amene anapha mwanayo kuti apeze zizimba akufuna nkhaniyo ikwiriridwe. Ndinaliwerenga ndili pakhonde ku Chitakale, mvula ikutsika m'phiri, ndipo kangapo ndinalitseka kaye, poganizira abale athu achialubino amene aphedwa m'dziko muno pa zifukwa zomwezo. Amantle alibe udindo kapena ndalama, ndipo n'chifukwa chake mwana wa Fomu 3 angathe kudziona mwa iye.

Ndikupempheni kuti muyambe mwaliwerenga nokha, Amayi, chifukwa muli zochitika zowawa kwambiri, makamaka kumapeto, zofunika kuti mukhale nawo pafupi atsikanawo akamafika pamenepo.